Gemu ikauma: ndi glitch, kapena makina akudwala?

Linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo kachipinda kanga ka magemu kuno ku Mabvuku, mu Harare, kanali kodzaza. Pa PlayStation 4 (PS4) yachitatu, ija ili pafupi ndi zenera, anyamata awiri ankasewera FIFA. Zigoli zinali 2 kwa 1, mpira uli pafupi kutha. Mwadzidzidzi udzu wa m'bwalo unatuluka timabokosi tofiirira, mkono wa goloboyi unatalika mpaka kukafika pa mbendera ya pakona, phokoso la ochemerera linakakamira pa liwu limodzi, kenako chithunzi chonse gwa, chauma.

"Amalume, glitch! Tiyambirenso!" anakuwa amene ankagonjayo.

Mnzakeyo anakana kwamtuwagalu. "Glitch ndi mbali ya gemu, amalume. Ine ndawina."

Ndinawasamutsira pa makina ena kuti asewere ulere, ine n'kutenga kope langa. Ndili ndi kope limene ndimalembamo chilichonse chachilendo: tsiku, nthawi, makina ake, gemu yake, ndi chimene chaoneka. Tsiku limenelo kopelo linandiuza zimene maso anga sanaone. Sabata imeneyo gemu inauma katatu, katatu konseko pa makina achitatu omwewo, ndipo nthawi zonse masana, 1 koloko itadutsa. Kawiri inali FIFA, kamodzi Mortal Kombat. Magemu awiri opangidwa ndi makampani osiyana sangapangane kulakwitsa pa makina amodzi, nthawi imodzi. Usiku nditatsegula makinawo ndinapeza fumbi litalukana ngati bulangete pa zitsulo zotulutsa kutentha.

Funso limene mkangano wa anyamata aja unadzutsa, loti kodi kuuma kotere ndi glitch, limabwera mobwerezabwereza, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi: cholakwika chobwera chifukwa choti makina akuwonongeka si glitch, ngakhale pa TV zitaoneka zofanana ndendende. Glitch imakhala m'gemu momwemo. Amene analemba pulogalamuyo analakwitsa penapake, kapena sanaganizire kuti wosewera angachite zakutizakuti, ndipo cholakwikacho chinapita m'disiki iliyonse imene anagulitsa. Mukachita zomwezo, pa gemu yomweyo, pa makina abwinobwino aliwonse, ku Harare, ku Lilongwe kapena ku Tokyo, chimatulukanso. Mu Super Mario 64 ya mu 1996, munthu akadumpha chafutambuyo mobwereza pa masitepe, liwiro la Mario limakula mopanda malire mpaka kudutsa makoma, chifukwa opanga gemuyo sanaike malire pa liwiro lobwerera m'mbuyo. Mu Pokémon Red ndi Blue muli chilombo chosokonekera chotchedwa MissingNo, ndipo aliyense wotsata njira yake amachipeza. Cyberpunk 2077 itatuluka mu Disembala 2020 inali ndi zolakwika zambiri pa PS4 moti Sony inaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti mpaka mu Juni 2021. Makina a anthuwo analibe vuto. Vuto linali la gemu, ndipo mankhwala ake anali oti opanga gemuyo aikonze.

Wina angati kodi dzina lili ndi ntchito yanji, poti gemu yauma basi? Lili nayo, ndipo ntchito yake ndi ya ndalama. Munthu akati "ndi glitch" amakhala pansi kudikira update, pulogalamu imene opanga gemu amatumiza kuti aikonze. Amafufuta gemu, n'kugulanso data yoti aikopere kachiwiri, ndipo tonse tikudziwa mmene data imapwetekera m'thumba muno mu Harare. Nthawi yonseyo makinawo akupitiriza kupsa m'kati. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma makina a gemu amaimba ndithu asanafe: amauma, amalira, amaonetsa timadontho. Tikawatchula dzina lolakwika, ng'omayo timaimva koma osadzuka. Kwinaku, ndaonanso mayi wina atanyamula PS4 ya mwana wake kupita nayo m'tauni kwa okonza, kulipira kombi ndi ndalama yoti aitsegule, pamene vuto linali gemu imodzi yokha imene aliyense padziko lonse ankadandaula nayo mwezi umenewo.

Sinthani chinthu chimodzi, muone kumene vuto lapita

Njira yonse yagona apa, ndipo siifuna sikuludiraiva. Pakati pa chala chanu ndi chithunzi cha pa TV pali zinthu zingapo: padi, gemu yeniyeniyo, makina, chingwe cha HDMI, TV, ndi soketi ya magetsi. Vuto lili mwa chimodzi. Muzisintha chimodzi chokha pa nthawi, n'kuona ngati vutolo lasamuka nacho kapena latsala.

Yambani ndi gemu. Ikani ina pa makina omwewo, makamaka yolemera, yoti fani ilire. Ikaumanso, gemu yoyamba ija ilibe mlandu. Kenako tengani gemu yoyamba ija mukaiyese kwa mnzanu amene ali ndi makina ofanana ndi anu. Ikakachita zomwezo pa malo omwewo, ndiye kuti mwina ndi glitch, mwina disiki yanu ndi yokalika. Apa intaneti imathandiza: lembani dzina la gemu ndi malo pamene ikuumira. Glitch yeniyeni siikhala ya munthu mmodzi, mupeza anthu ambiri akufotokoza chimodzimodzi, malo omwewo, nthawi zina ndi kanema yemwe. Mukapeza kuti palibe wina aliyense amene anazionapo, kayikirani makina anu.

Funso lachiwiri ndi lakuti vutolo limatsatira malo kapena nthawi. Glitch imatsatira malo ndi zochita: khomo lakuti, mdani wakuti, kudumpha kwakuti. Makina odwala amatsatira wotchi ndi nyengo. M'mawa kukuzizira amasewera bwinobwino, pakatha mphindi makumi atatu kapena ola limodzi amayamba. Lero auma pa menyu, mawa pakati pa mpikisano, mkuja poyatsa penipeni. Ndipo amaipiraipira: mwezi watha kamodzi pa sabata, mwezi uno tsiku lililonse. Glitch siikula ndi masiku, pokhapokha gemu italandira update yatsopano yolakwika.

Pali kanjira kena kamene ndimakakonda kwambiri chifukwa n'kaulere ndipo kamadula nkhani msanga. Timadontho kapena mizere ikaoneka, dinani batani la Share pa padi ya PS4 musunge chithunzi kapena kanema, pa kompyuta dinani Print Screen. Kenako tumizani chithunzicho pa foni kapena pa flash, mukachione pa sikirini ina. Chikakhala choyera bwino pamene inu munaona timadontho, ndiye kuti makinawo anajambula bwino ndipo chithunzicho chinawonongeka m'njira: chingwe cha HDMI, doko lake, kapena TV. Timadontho toyera tothwanima ngati mchenga, kapena chithunzi chozima kwa sekondi imodzi n'kubweranso, kawirikawiri ndi chingwe. Gwedezani chingwecho pang'ono pamene chalowera, muone. Doko la HDMI la PS4 limathyoka mano mosavuta, makamaka pa makina amene amanyamulidwa m'chikwama kupita nawo kwa anzathu mlungu uliwonse. Koma timabokosi tija tikapezekanso m'chithunzi chosungidwacho, vuto lili m'kati: ndi gemu, kapena ndi chip chojambula zithunzi ndi memory yake.

Musadalire kwambiri nambala ya vuto imene makina alemba. CE-34878-0 ya pa PS4 imangotanthauza kuti pulogalamu yagwa. Siinena chimene chaigwetsa. Ikamabwera pa gemu imodzi yokha, yang'anani gemuyo. Ikamabwera pa magemu onse, yang'anani makina.

Kutentha ndi fumbi

Apa ndichedwapo chifukwa makina ambiri amene amandipeza m'manja vuto lawo ndi limeneli. Kuyambira mu Ogasiti mphepo ikayamba kuulutsa fumbi, mpaka mvula yoyamba ya mu Novembala, makina aliwonse okhala ndi fani amameza dothi tsiku lonse. Fani imakoka mpweya n'kuukankhira pa heatsink, tizitsulo topyapyala tondondozana ngati mano a chipeso. Fumbi, ubweya wa bulangete ndi utsi wa mafuta ophikira zimagwirana pakhomo pa tizitsuloto mpaka mpweya kusowa podutsa. Fani imathamanga kwambiri, n'kumalira ngati chigayo, koma kumbuyo kwa makina mpweya wotuluka ndi wochepa. Ikani dzanja kumbuyoko gemu ili m'kati. Phokoso lambiri koma mphepo yofooka, ndiye kuti njira yatsekeka.

Makina akatentha mopitirira amadziteteza: PS4 imalemba uthenga woti yatentha kwambiri kenako n'kuzima, kompyuta imachepetsa liwiro lake, n'chifukwa chake gemu imayamba kudukiza pakapita nthawi. Koma isanafike pamenepo, nthawi zina memory yotentha imayamba kubweza manambala olakwika, ndipo nambala yolakwika m'gemu ndi mkono wa goloboyi wofika pakona uja.

Choyamba chotsani makinawo m'kabati. Ambiri timawabisa m'kabati ya TV yotseka ndi galasi poopa ana ndi akuba, ena amawafunditsa kansalu koluka kuti asade. Chotsani zonsezo, muwaike pamalo olimba, osati pa kapeti kapena pabedi, kumbuyo ndi m'mbali kukhale mpata wokwana chikhatho. Yesaninso gemu ija, fani ya m'nyumba ikuwapemerera. Vuto likachedwa kubwera kapena likasowa, mwalipeza.

Kupukuta kwenikweni kumafuna kutsegula. Zimitsani, zulani pulagi, dikirani makina azizire. PS4 imafuna sikuludiraiva ya Torx yokhala ndi kabowo pakati, musakakamize ndi mpeni chifukwa mungodya mitu ya masikuluwo. Gwiritsani bulashi yofewa youma, ndipo popemerera mpweya gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mwaliwiro. Bokosi la power supply, limene limalandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira makina, musalitsegule, chifukwa m'kati mwake muli tizipangizo tosunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Musadabwe kupezamo mphemvu. Zimakonda kufunda kwa m'menemo, ndipo imodzi ikagunda pamalo olakwika makina amazima osadzukanso. Kufika pa heatsink penipeni kumafuna kuchotsa bodi yonse, ndipo mukaichotsa muyenera kupakanso thermal paste yatsopano, phala lotuwa lija limene limakhala pakati pa chip ndi chitsulo. Likakalamba limauma n'kumanyenyeka ngati dothi la pachulu. Ngati simunachitepo, aperekeni kwa wodziwa, inu muime pambali muonerere. Safunsa anadya phula. PS5 yokha musaiyerekeze n'komwe, chifukwa m'malo mwa phala inaikidwa chitsulo chamadzimadzi chimene chikatayikira pa bodi chimawononga.

Chimene chimandichititsa kuumirira pa kutentha ndi nkhani ya Xbox 360. Makinawa anatuluka mu 2005, ndipo ambiri anafa ndi nyali zitatu zofiira kuzungulira batani loyatsira. Kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza kunkang'ambula timfundo ta chitsulo tolumikiza chip chojambula zithunzi. Mu Julayi 2007 Microsoft inatalikitsa chitsimikizo cha vutoli kufika zaka zitatu, ndipo zinaidyera ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Kwa eni ake ambiri, nyali zofiirazo zisanabwere gemu inkayamba yauma kapena kuonetsa timizere. PS3 zakale zonenepa zija nazo zili ndi nyali yake yachikasu. Wina akakuuzani kuti awotcha bodi ndi mpweya wamoto ndipo zitheka, dziwani kuti nthawi zambiri makina amadzuka kwa kanthawi chabe. Akadzuka, chinthu choyamba koperani ma save anu, mafailo osunga pamene mwafika m'gemu.

Magetsi athu

Magetsi a muno ndi a mavoti 220 mpaka 240. PS4 ndi PS5 zimalandira kuyambira 100 mpaka 240, choncho zochokera kunja sizivuta. Koma achibale akakutumizirani Xbox 360 kapena PS2 yonenepa yochokera ku America, werengani kaye zolembedwa pa adaputala kapena kumbuyo kwa makina. Zambiri mwa izo n'za mavoti 110 mpaka 120 okha, ndipo mukazilowetsa pa soketi yathu zimapsa nthawi yomweyo.

Chovuta chachikulu ndi kuzimazima. Madzi akachepa ku Kariba, damu lopangira magetsi, timadziwa chimene chimatsatira, ndipo amene tinali ndi bizinesi mu 2019 tikukumbukira masiku okhala maola 18 opanda magetsi. Kuzima kwadzidzidzi kumavulaza makina pawiri. Magetsi akazima makina akulemba save kapena akuika update, failo imatsala yoduka. Mawa lake gemu imagwa pa malo amodzimodzi nthawi zonse, ngati glitch yeniyeni, koma pa makina anu okha. Ili ndi gulu lachitatu limene anthu amaliiwala: gemu inalembedwa bwino, makina ali bwino, koma kope la gemu limene lili m'makina mwanu ndi lowonongeka. Gemu yokopera kwa munthu wina pa hard drive imathanso kufika yoperewera chonchi. Kuvulala kwachiwiri kumabwera magetsi akamayaka, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira kapena akuphethiraphethira, ndipo power supply ndi imene imalandira nkhonyayo.

Power supply yofooka ili ndi khalidwe lake. Pa menyu makina amakhala bwinobwino, koma gemu ikafika pofuna mphamvu zambiri, makina amangoti thi, kuzima kopanda uthenga uliwonse. Gemu yolakwika kawirikawiri imakubwezerani ku menyu ndi nambala ya vuto. Kuzimiratu ngati wina wazula pulagi n'chizindikiro cha magetsi kapena kutentha. Musanaweruze power supply, chotsani makinawo pa adaputala ya mabowo ambiri ija imene mwalumikizapo ketulo, ayironi ndi matchaja a nyumba yonse, muwalowetse okha pakhoma. Ngati mumasewera pa jenereta kapena pa invetala ya sola, yesani tsiku lina pa magetsi wamba. Mainvetala otchipa amatulutsa magetsi okhakhala, otchedwa modified sine wave, amene ma power supply ena sagwirizana nawo. Vuto likamabwera pa invetala pokha, makina anu alibe mlandu.

Kwanga kuno magetsi akazima timazula mapulagi onse, ndipo akayaka timadikira mphindi zingapo tisanalowetse. Kachipangizo koteteza firiji kaja, kamene kamachedwetsa magetsi kulowa akangoyaka, kamagwiranso ntchito pa makina a gemu. UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kopatsa makina magetsi kwa kanthawi akazima, imakupatsani mpata wosunga gemu ndi kuzimitsa mwaulemu. Nyengo ya mabingu, kuyambira Novembala mpaka Malichi, kukayamba kung'anima timazula zonse, ndi chingwe cha intaneti chomwe, ngakhale anyamata atadandaula bwanji.

Hard drive ndi disiki

PS3 ndi PS4 zimasunga magemu pa hard drive yofanana ndi ya laputopu, ya mainchesi 2.5, yokhala ndi mbale yozungulira m'kati. PS4 inatuluka mu 2013, ndipo zambiri zimene timagula kuno zinadutsa kale m'manja angapo, choncho mbaleyo yazungulira zaka zambiri. Ikatopa, gemu imatenga nthawi yaitali kutseguka, makoma ndi nkhope za anthu zimachedwa kuoneka, galimoto ya mu gemu ya GTA imagwera m'dzenje chifukwa msewu sunafike. Chomalizachi chimanyenga anthu ambiri, poti n'chofanana kwambiri ndi glitch. Ikani khutu pafupi ndi makina. Kaphokoso ka tcheketcheke kobwerezabwereza gemu ikamaima ndi hard drive ikulephera kuwerenga.

Yambani ndi zosawononga. Koperani ma save pa flash. Zimitsani PS4 kotheratu, dinani batani loyatsira osachotsa chala mpaka ilire kachiwiri, pafupifupi masekondi 7, lumikizani padi ndi chingwe cha USB, mudzalowa mu Safe Mode. Sankhani Rebuild Database, imene imangokonza kaundula wa zimene zili m'makina osafufuta magemu. Chenjerani ndi mizere yolembedwa Initialize, chifukwa imeneyo imasesa zonse. Zikakanika, fufutani gemu yovutayo muiikenso. Ikachira n'kukhala bwino, linali failo loduka lija. Ikachira masiku awiri kenako gemu ina n'kuwonongekanso, kapena makina akamapempha kukonza kaundula pafupifupi nthawi iliyonse mukayatsa ngakhale munazimitsa bwino, hard drive yatha. Mwa matenda onse a makina amenewa ndi osavuta kuchiza: pa PS4 hard drive imatuluka ndi sikulu imodzi, ndipo yatsopano imangofuna kuikamo pulogalamu ya makina yochokera pa tsamba la Sony.

Disiki ndi nkhani yaifupi. Ipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. Disiki imodzi ikamakana, ndi disikiyo. Madisiki onse akamakana, ngakhale atsopano, ndi diso la laser, matenda odziwika a PS2.

Padi

Wosewera akamayenda yekha inu musanakhudze, kapena kamera ikamazungulira yokha, musathamangire kunena gemu. Lumikizani padi ina. M'kati mwa kandodo ka padi muli tizipangizo tokhulana timene timaperepeseka ndi kulowa fumbi, ndipo tikatha timauza makina kuti mwakankha pamene simunakankhe. Vutoli linakula kwambiri pa ma Joy-Con a Nintendo Switch moti mu 2020 mkulu wa kampaniyo, Shuntaro Furukawa, anapepesa. Pa mapadi a m'chipinda changa, amene amagwiridwa ndi manja ambiri patsiku, kandodo kamanzere ndi kamene kamayamba kutha, chifukwa mu mpira ndi kothamangitsira. Mapadi otsanzira amatha msanga kuposa apa.

Kwa osewera pa kompyuta

Inu muli ndi mwayi chifukwa makina anu mutha kuwafunsa mafunso. Pa Steam, pulogalamu yogulira ndi kusewerera magemu, pali batani lotsimikizira mafailo a gemu, limene limapeza oduka n'kuwakoperanso okhawo. Palinso mapulogalamu oyesera makina: HWMonitor imaonetsa kutentha gemu ili m'kati. MemTest86 imayesa RAM, memory ya kompyuta, ndipo muisiye usiku wonse: cholakwika ngakhale chimodzi ndi chokwanira kukayikira RAM, ndiye yesani kachidutswa kamodzikamodzi. CrystalDiskInfo imawerenga zimene hard drive ikunena za thanzi lake. FurMark imalemetsa khadi la zithunzi, ndipo timadontho tikatulukanso mmenemo, gemu yanu ilibe mlandu. Ngati munakweza liwiro la chip kapena la RAM, libwezereni pakale musanayese china chilichonse. Ma driver ndi pulogalamu, si chitsulo, choncho vuto limene layamba tsiku lomwe mwaika driver yatsopano limachira mukabwerera ku yakale.

Nkhani ya mu 2024 ndi phunziro labwino. Anthu okhala ndi ma processor amphamvu a Intel Core a m'badwo wa 13 ndi 14 ankaona magemu akugwa, ena ndi uthenga woti memory ya zithunzi yatha, ndipo ambiri ankaloza chala opanga magemu kapena khadi la zithunzi. Mu Julayi chaka chimenecho Intel inavomera kuti ma processor amenewo ankalandira mavoti opitirira muyezo, kenako inawonjezera zaka ziwiri pa chitsimikizo chake. Update imene inatuluka inkateteza chip chimene chinali chisanawonongeke, koma chowonongeka kale chinkafunika kusinthidwa. Uthenga wa pa sikirini unkatchula chinthu china, matenda ali pena.

Pamene malire a glitch ndi vuto la makina saoneka bwino

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amandithandiza Loweruka, amakonda kuonera anthu othamangitsa magemu kuti awamalize m'nthawi yochepa, ndipo ndi iye amene ananditsutsa. "Amalume, nanga zija zopendeketsa katiriji?" Akunena zoona. Pa Nintendo 64, munthu akatukula mbali imodzi ya katiriji, kabokosi kokhala ndi gemu, pang'ono gemu ikuyenda, mano ena amasiya kukhudzana, ndipo mu GoldenEye 007 anthu a m'gemumo amayamba kuphiriphitha ndi kuzungulira m'malere. Ambiri amazitchula glitch. Koma taonani kumene cholakwikacho chachokera: gemu ikulandira uthenga woduka chifukwa dzanja lasokoneza chitsulo. N'chifukwa chake m'mipikisano yambiri ya liwiro amalola glitch ya m'gemu koma amakana kusokoneza makina. Glitch ili m'manja mwa aliyense amene ali ndi gemuyo ndipo angaiphunzire, pamene makina opunduka ndi a munthu mmodzi.

Anandikumbutsanso nkhani yotchuka ya mu 2013. Wosewera wina wodziwika ndi dzina loti DOTA_Teabag ankathamangitsa Super Mario 64 m'chigawo cha Tick Tock Clock, ndipo Mario anangopezeka wakwera m'mwamba mwadzidzidzi popanda chomukweza. Katswiri wina wa gemuyi, pannenkoek2012, analonjeza madola 1,000 kwa aliyense amene angasonyeze njira yochitiranso zimenezo. Pofufuza anapeza kuti kusintha kadontho kamodzi kokha m'nambala yosunga kutalika kwa pamene Mario ali, 1 kukhala 0, kumabweretsa kulumpha kofanana nako. Ena amati kanatembenuzidwa ndi kanthu kochokera mumlengalenga, ena amati katiriji kapena makina ake anali ndi vuto, ndipo mkanganowo udakalipo. Kwa ine chofunika n'chimene anthuwo anachita: sanavomere kuti ndi glitch chifukwa choti chinaoneka chodabwitsa, anafuna kaye kuti wina achibwereze pa makina ena. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikuvomera kuti pali magemu ena olembedwa mosasamala amene amalemetsa makina mopitirira, moti makina ofooka amagwa pa gemu imeneyo yokha. Apo mlandu ndi wa onse awiri. Komabe ngati makina a anzanu akuipirira gemuyo ndipo anu akugwa, anuwo ayamba kutopa, ndipo gemu yangokhala yoyamba kuwaulula.

M'chipinda changa lamulo linakhazikika kuyambira Loweruka lija, ndipo ndinalilemba pakhoma. Chachilendo chikachitika koma gemu n'kupitirira, monga mpira kudutsa m'miyendo ya goloboyi mosamveka, zigoli zimakhala momwemo, chifukwa gemuyo ndi imodzi kwa onse. Makina akauma, akazima, kapena padi ikayamba kuyenda yokha, mlandu ndi wanga mwini makina: amayambiranso ulere pa makina ena, ndipo odwalawo amapuma mpaka nditawaona.

Mukafika poti muwanyamule kupita nawo kwa okonza, kaya ku Gulf Complex m'tauni kaya kwa mnyamata wa m'dera lanu, musakangonena kuti "ikuchita glitch". Mawu amenewo samuthandiza, ndipo angayambe kusintha zinthu mongoyerekeza pa ndalama zanu. Kamuuzeni kuti imauma pakatha mphindi zingati, pa magemu ati, masana kapena usiku, pa magetsi wamba kapena pa invetala, kuti chingwe cha HDMI ndi padi munasintha kale, ndipo muonetseni chithunzi chija munasunga ndi batani la Share. Koperani ma save musanachoke pakhomo, lembani nambala ya makina anu imene ili kumbuyo, gwirizanani mtengo asanatsegule, ndipo pemphani kuti chilichonse chimene achotsemo akubwezereni m'manja. Akamaliza, musanyamule makinawo atangoyaka pa menyu. Ikani gemu ija inkavutayo, musewere pomwepo kupitirira nthawi imene inkaumira.

PS4 yachitatu ija ndinaipukuta, ndinaipaka phala latsopano, ndi kuisamutsa pazenera kupita kukhoma kumene dzuwa la masana silifika. M'kope langa, tsamba lake lilibe cholembedwa china kuyambira mwezi umenewo, kupatula tsiku loipukutanso, limene ndinaika kumayambiriro kwa Ogasiti.